Kwacha ikagwa, ndani amatsala pa msika?

Lachinayi pa 9 Novembala 2023 a Malawi anadzuka ali osauka kuposa m'mene anagonera. Banki yaikulu ya Reserve inali italengeza kuti dola imodzi ya ku America, yomwe dzulo lake imagulidwa pa K1,180, kuyambira tsikulo izigulidwa pa K1,700. Akadaulo pa wailesi amati kwacha yachepa mphamvu ndi 44 peresenti. Ife pa msika za maperesentizo sitimazitchula, timangouzana kuti ndalama yagwa, basi.

Tsiku limenelo ine ndinali mu msika wa Limbe kuthandiza mayi anga omwe ali ndi benchi ya timagolosale monga sopo, shuga, mchere, machesi ndi mafuta ophikira. Zomwe ndinaona kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ndi zomwe ndafuna kuti tikambirane lero, chifukwa tsiku lomwelo, pa msika womwewo, geni ya munthu wina inalandira bala lofa nalo pomwe ya mnzake inapulumuka.

Nthawi isanakwane 8 koloko anthu anali atadzaza kale m'mipata ya mabenchi. Aliyense anali atamva nkhaniyo ndipo amafuna kugula zinthu zisanakwere. Bambo wina yemwe benchi yake inayang'anizana ndi ya mayi anaona ngati Mulungu wamuyankha. Wofuna belo la shuga amamupatsa, wofuna katoni yonse ya sopo amamupatsa, zonsezo pa mtengo wa dzulo. Pofika masana benchi inali pululu, chikwama chili tho ndi makwacha, mwini wake akungomwetulira.

Mayi anga sanapupulume. Anandituma ku mashopu opikulitsa kuti ndikaone mitengo. Ndinapeza ena atseka, ena atsegula chitseko chimodzi chokha nkumauza anthu kuti akudikira mitengo yatsopano. Nditawaimbira foni, mayi anangoti: "Bwerako mwanawe. Lero tigulitsa chimodzichimodzi, wofuna belo lonse apite kwina." Makasitomala awo a masiku onse anagula ndithu, aliyense paketi imodzi ya shuga, sopo mmodzi kapena awiri. Mtengo anakwezako, ndipo aliyense wofunsa amamuuza chifukwa chake.

Loweruka lake bambo uja anapita kokapikula. Ndalama yomwe masiku onse imadzaza benchi yake, ulendo uno sinakwane. Anabwera ndi katundu wochepa, nkugulitsa, nkupitanso, nkubwera ndi wochepa kuposa poyamba, kwinaku kunyumba akudya momwemo. Khrisimasi isanafike pa benchi paja panali patakhala munthu wina.

Kodi bamboyu analakwa chiyani? Sanabe, sanamwere mowa ndalama, sanali waulesi. Anagulitsa katundu pa mtengo woposa womwe anagulira, zomwe aliyense amati ndiye phindu. Nanga mpamba unalowera kuti?

Sukulu ya 1994

Madzulo a Lachinayi lija tikuwerenga ndalama ndinawafunsa mayi kuti nzeru zimenezi anazitenga kuti. Anaseka. "Ine sukulu imeneyi ndinailowa mu 1994 iwe usanabadwe, ndipo fizi yake inali mpamba wanga wonse," anatero.

Nthawi imeneyo anali mtsikana, amagulitsa zitenje zochokera kunja. Mu Febuluwale 1994, kutatsala miyezi itatu kuti chisankho cha matipate cha pa 17 Meyi chichitike, boma linaisiya kwacha kuti mtengo wake uziyendera msika. Dola yomwe inali pa K4 ndi matambala ake inathamanga mpaka kufika cha m'ma K15 chakacho chisanathe. Chaka chotsatira cha 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi 83 peresenti. Mayi anachita ndendende zomwe anachita bambo uja. Amagulitsa mokondwa pa mtengo wakale nkumadabwa kuti ulendo uliwonse wokaoda zitenje zikubwera zochepa. Chaka chisanathe anatsala ndi chikwama chopanda kanthu.

Kuyambira pamenepo kwacha yakhala ikugwa ngati mwana wophunzira kuyenda. Mu Ogasiti 1998, nthawi ya boma la UDF, inagwanso zolimba ndipo pofika 1999 dola inali cha m'ma K44. Malemu Bingu wa Mutharika anakana kuigwetsa kwambiri ngakhale a IMF amamuumiriza, koma zotsatira zake zinaoneka mu 2011 pomwe madola anasowa m'mabanki ndipo magalimoto amagona pa mizere ya mafuta. Pa 7 Meyi 2012, patangotha mwezi umodzi mayi Joyce Banda atalowa m'boma, dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, kenaka nkubwera chimphepo cha Novembala 2023 chija. Pofika Malichi 2024 mtengo wa kubanki unali K1,751.

Mwaonatu, palibe chipani chomwe chinalamulapo dziko lino kwacha osatsika m'manja mwake. Kongeresi, UDF, DPP, PP, mgwirizano wa Tonse, onsewo nkhani ndi imodzimodzi. Pa msonkhano amalonjeza kuti ndalama ilimba, akalowa m'boma nyimbo imasintha. Gwero lake nlodziwika. Dziko lino limagula kunja katundu wa ndalama zoposa kawiri zomwe limapeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina. Mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala a m'zipatala, kaunjika, ngakhale zipangizo zambiri zopangira sopo ndi mafuta ophikira, zonsezi zimalipiridwa ndi madola. Ofuna madola akachuluka kuposa madolawo mtengo wake ukwera basi, monga amachitira tomato nthawi ya dzinja.

Ndalama za mapepala nazo zikuchitira umboni. Ya K1,000 inatuluka mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Munthu yemwe anabisa ndalama zokwana K1,000 pansi pa mphasa mu Januwale 1994 anali ndi madola oposa 200. Akanazitulutsa mu 2024 sizikanakwana ngakhale dola imodzi.

Choncho wa geni asataye nthawi kudikira tsiku lomwe kwacha idzasiye kugwa. Azidzifunsa kuti ikagwanso indipeza ndili chotani.

Mpamba ndi katundu

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mwapikula katundu wochokera kunja wa K100,000 ndipo mukagulitsa yense mumapeza K120,000. Phindu K20,000, zili bwino. Usiku kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Katundu yemwe uja tsopano kopikula akufuna K144,000. Inu mwagulitsa pa mtengo wakale, m'manja muli K120,000. Pa pepala mwapindula K20,000. Koma kuti benchi idzazenso ngati kale mukupereweza K24,000, ndipo apa simunachotse ya thiransipoti, ya tikiti ya msika ndi ya ndiwo kunyumba. Phindu lija linali chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mayi anga ali ndi kope lomwe amayenda nalo kulikonse. M'kopemo salemba kuti mpamba wanga ndi makwacha mwakuti. Amalemba kuti mabelo a shuga ndi angati, makatoni a sopo angati, zigubu za mafuta za malita 20 zingati. Mwezi ukatha amawerenganso. Mabelo akakhala asanu monga mwezi watha ndipo ndalama yatsalako, yotsalayo ndiye phindu. Mabelo akatsika kufika pa anayi, chikwama chitupe bwanji, amadziwa kuti geni yayamba kudwala ndipo amafufuza matendawo asanakule.

M'kope limeneli mukutuluka malamulo awiri. Loyamba nlakuti mtengo wogulitsira uziuonera ku oda ya mawa osati ya dzulo. Usanayale katundu m'mawa yamba wadziwa kuti kopikula zinthu zadzuka bwanji. Masiku ano ndi nkhani ya mayunitsi ochepa chabe, ndipo paja safunsa anadya phula. Lachiwiri nlakuti ndalama ya geni isamagone masiku ambiri. Nyengo yoti zinthu zikukwera sabata ndi sabata, ndalama yongosunga imasungunuka ngati mchere m'madzi. Mukagulitsa, kapikuleni msanga katundu yemwe saola komanso yemwe mukudziwa kuti pa benchi yanu amayenda.

Malire ake ali pati?

Ndikudziwa ena mukuti, nde mtolankhaniyu akutiphunzitsa kukweza mtengo pa katundu wakale? Ogula nawo amadandaula zomwezo, ndipo dandaulo lawo nlomveka. Mphunzitsi, mlonda kapena wantchito wa m'nyumba malipiro ake sakwera tsiku lomwe kwacha yagwa. Iyeyo ndi amene amafinyika kuposa tonse.

Malire alipo. Kukweza kuti ukwanitse kuodanso katundu yemweyo ndi kuteteza mpamba. Koma kutsekera shuga m'chipinda kudikira kuti asowe, kapena kuwirikiza mtengo kawiri pomwe kopikula wangokwera pang'ono, kumeneko ndi kudyera anthu masuku pamutu ndipo malamulo a dziko lino amaletsa. Bungwe la CFTC lomwe limaona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda lili ndi mphamvu yolanga ochita zotere. Koma chilango chopweteka kwambiri chimachokera kwa kasitomala. Mayi yemwe munamufinya tsiku la mavuto sadzaiwala. Zinthu zikadzakhalako bwino adzadutsa pa benchi yanu ngati sakukuonani.

Tsiku lija mayi sanabise kanthu, katundu yense anali poyera. Chomwe anakana ndi kupereka belo lathunthu kwa munthu mmodzi yemwe mawa lake akanakaligulitsa pa mtengo watsopano. Ndipo zomwe kopikula sizinakwere, iwonso sanakweze. Pali zinthu ziwiri zokha zomwe amazisamala ngati maso awo, mpamba ndi dzina. Zina zonse, iwo amati, zikhoza kusintha.

Kulimba mtima si kuuma mutu

Apa ndi pomwe ambiri timagwira njakata. Timaganiza kuti kulimba mtima ndiye kukakamira chinthu chimodzi mpaka kufa nacho. Wina amati ine ndine wa kaunjika, wina ine ndine wa zitenje, ngati kuti anabadwa nazo. Mayi anga pa zaka zoposa 30 agulitsapo zitenje, mandasi, usipa, kaunjika wa ana ndipo tsopano magolosale. Munthu ndi yemwe uja, makasitomala ena ndi omwe aja, katundu yekha ndiye wasinthasintha.

Taonani nkhani ya muyeso. Anthu ndalama zikawachepera sasiya kudya, amangogula pang'onopang'ono. Umu ndi momwe anabadwira walkman, kaphukusi ka ufa kongokwana nsima ya tsiku limenelo. Umu ndi momwe mafuta ophikira analowera m'timapepala, shuga m'timaphukusi ta tiyi wa m'mawa umodzi, makala m'timilu. Yemwe anayamba kuphwatula katundu chonchi sanapite ku yunivesite. Anangoyang'ana m'thumba mwa kasitomala wake nkuyeza katundu molingana ndi thumbalo. Ngati botolo la malita awiri lakhala sabata yathunthu pa benchi osayenda, mwina vuto si mafutawo koma kukula kwa botolo.

Taonaninso nkhani ya kogula. Kale nthochi za mu Blantyre zimachokera ku Thyolo ndi ku Mulanje. Matenda a chisaka atasakaza minda ya nthochi, amayi ogulitsa nthochi sanakhale pansi nkumalira. Ena anayamba kupikula zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, ena anasamukira ku mapeyala, zinanazi ndi zipatso zina za nyengo.

Nyengo yosowa madola zinthu zimatembenuka, katundu wa kunja ndi amene amaluma. Mu 2025 mtengo wa dola kwa osintha ndalama a m'misewu unaposa kawiri wa kubanki, ndipo oyenda maulendo a ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ku Tunduma ndi ku Johannesburg anaona zakuda. Mu Febuluwale chaka chomwecho ogulitsa kaunjika anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kamba ka kukwera mtengo kwa mabelo. Nthawi ngati imeneyi wochenjera amaponda phazi limodzi pa katundu wa konkuno, monga mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, mbatatesi ya ku Tsangano ndi ku Dedza, tomato wa ku Lizulu ndi ku Jenda, usipa wa ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, mtedza wa ku Mchinji. Nazo zimakwera ndithu poti feteleza ndi dizilo ndi za madola, koma mlimi ndi msodzi amalandira kwacha yomwe muli nayo m'manjayo, safunsa za dola.

Komatu kusintha si kudumphira m'madzi ndi miyendo yonse iwiri. Geni iliyonse ili ndi minga yake. Tomato sadikira, akapsa wapsa. Usipa umavuta mwezi ukawala komanso mphepo ya mwera ikamaomba pa nyanja, ndipo mtengo wake umayendera zomwezo. Mtedza wosauma bwino umachita chuku. Yambani ndi kagawo kochepa ka mpamba, funsani omwe anayamba kale, muone kaye ngati makasitomala anu akuchifuna chinthucho. Chikayenda onjezerani, chikakana mwataya zochepa.

Malo nawo amasintha. Mu Epulo 2006 boma la Bingu linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda pa ntchito yomwe inatchedwa Operation Dongosolo. Ambiri mwa mavendawo amadalira anthu ongodutsa, ndipo atalowa m'misika ya mkati anasowa owagula. Mayi amakumbukira kuti omwe anadzuka msanga ndi aja anali ndi makasitomala owadziwa nkhope ndi dzina, chifukwa makasitomalawo anachita kuwafunafuna mpaka kuwapeza komwe anasamukira. Malo akhoza kukulandani a khonsolo, koma kasitomala wokukhulupirirani palibe angakulandeni.

Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020 tinaonanso zomwezo. Matelala omwe amasowa osoketsa zovala za ukwati anayamba kusoka zotchinga pakamwa ndi mphuno za chitenje. Ogulitsa ziwiya za pulasitiki anayamba kuika timipopi pa ndowa zosambira m'manja. Anthu oopa kulowa mu msika amaoda pa foni, kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, katundu nkuwapeza pa kabaza. Njira zotumizira ndalama pa fonizi zinayamba mu 2012 ndi 2013, ndipo poyamba ambiri pa msika amazikana, amati ndalama ndi yogwira m'manja. Lero kasitomala akanena kuti ndalama ili mu foni inu nkukana, amangosuntha mapazi awiri kupita pa benchi ya mnzanu.

Benchi imodzi, pakamwa pambiri

Mwina mukuti nkhani ya utsogoleri ndi ya mabwana ovala mataye a ku Press Corporation ndi ku Illovo. Ayi ndithu. Ngati muli ndi mnyamata wokuthandizani, wa wilibala wokunyamulirani katundu, mlimi wodalira oda yanu ndi ana a sukulu kunyumba, ndiye kuti ndinu mtsogoleri. Mukagwa simugwa nokha.

Mtsogoleri amanena zoona nthawi ikadalipo. Zinthu zitathina mu Disembala 2023 mayi anamukhazika pansi mtsikana yemwe amawathandiza pa benchi nkumuonetsa kope lija. Anamuuza kuti malipiro sangamukwezere mpaka mabelo atabwerera pa asanu, koma chakudya cha masana ndi ya minibasi zikhala chomwecho. Mtsikanayo sanachoke, ndipo ndi iyeyo yemwe anabweretsa nzeru yoyamba kuyeza mafuta m'timabotolo ting'onoting'ono. Wantchito wouzidwa zoona amathandiza kuganiza. Yemwe amangoona abwana akung'ung'udza osadziwa chomwe chikuchitika amayamba kudzilipira yekha m'mbale ya tchenji.

Povuta zedi ndi kunyumba. Ndalama ya geni ndi ya pakhomo zisamagone m'chikwama chimodzi. Dziikireni malipiro anu a pa tsiku kapena a pa sabata ngati kuti ndinu wolembedwa ntchito, ndipo pakhomo pazidya yomweyo. Maliro, matenda, fizi, achibale ochokera kumudzi, zonsezi zimabwera ndipo sitingazithawe poti ndi umunthu wathu. Koma thandizo lizichoka pa phindu. Ukapereka mpamba wathandiza kamodzi kokha, mwezi wa mawa iwe ndi wothandizidwayo nonse mudzakhala opempha.

Nanga ngongole? Kwacha ikamagwa woluza ndi wokongoza. K10,000 yomwe mwakongoza lero ikabwera patatha miyezi iwiri sigulanso katundu yemwe uja. Sikuti musiyiretu kukongoza, poti makasitomala ena okhulupirika amalandira pa mwezi, koma ikani malire, ikani tsiku, ndipo lembani pamaso pa mwini wake. Za katapila ndiye musayerekeze. Chiwongola dzanja cha theka la ndalama pa mwezi palibe sopo kapena tomato yemwe angachibweze, mudzangogwirira ntchito mwini ndalamayo mpaka adzakulandeni ndi benchi yomwe. Bola chipereganyu kapena banki mkhonde ya anthu odziwana bwino, ngakhale nazonso zimafuna maso, poti tamva kangati za msungichuma wothawa ndi ndalama za gulu?

Tsoka lina silidutsira ku banki ya Reserve. Misika ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu yonse inapsapo, ndipo mu 2016 moto unasakaza msika waukulu wa Lilongwe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi maokala ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera. Ambiri a ife za inshuwalansi timangomva pa wailesi. Choncho katundu yense asamagone malo amodzi. Wina pa benchi, wina kunyumba. Ndipo ngakhale tanena kuti ndalama yosunga imasungunuka, kangachepe ka tsiku la tsoka kazikhalapo ndithu, mu foni kapena ku banki komwe moto sungafike. Munthu wotsala ndi ya katoni imodzi amayambanso mawa lake, wotsala manja okha amakagogoda kwa akatapila.

Mutu umodzi susenza denga

Mu Epulo 2020 boma litalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21, mavenda ku Mzuzu, ku Blantyre ndi madera ena anatuluka kukana poopa kuti njala iwapeza matenda asanawapeze. Khoti lalikulu linaimitsa ganizolo bungwe la HRDC litakadandaula. Apa zinaoneka kuti anthu a pa msika akalankhula pamodzi amamveka.

Koma umodzi usamaoneke pa zionetsero pokha. Makomiti a m'misika asamangodziwika pa nkhani yogawa malo ndi kuvala makaka a chipani nthawi ya kampeni. Ntchito ilipo yambiri. Belo likakwera mtengo, anthu atatu akhoza kusonkherana nkugawana. Opita ku Tsangano akhoza kuhaya lole imodzi m'malo moti aliyense alipire payekha. Mitengo ya kopikula ikhoza kumauzidwa kwa onse m'mawa kuti pasapezeke wina wogulitsa pa mtengo wa dzulo chifukwa chosadziwa. Ndipo tcheyamani weniweni ndi yemwe amafunsa a khonsolo kuti ndalama za matikiti zomwe timapereka tsiku ndi tsiku zikugwira ntchito yanji pa nkhani ya madzi, zimbudzi, alonda ndi mawaya a magetsi omwe amayambitsa moto.

Tisanamizane, si onse omwe geni zawo zinafa anali ogona. Pali nyengo zina zoti uchenjere bwanji mphepo imakugwetsa basi, makamaka ngati matenda kapena maliro agwera nthawi imodzi ndi kugwa kwa ndalama. Nkhani ino sikuwachotsera mlandu andale omwe ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti madola, mafuta ndi misewu yabwino zilipo. Tizipitiriza kuwafunsa, ndipo tsiku lovota tizikumbukira. Kungoti palibe nduna yomwe idzabwere kudzakudzazirani benchi, ndiye mbali yomwe ili m'manja mwanu igwireni nokha.

Bambo uja ndinakumana naye patatha miyezi ingapo mu 2024. Anali kunja kwa mpanda wa msika, dzuwa lili pamutu, patsogolo pake pali beseni la usipa. Munthu yemwe anali ndi benchi yodzaza tsopano amaitanira odutsa ngati mnyamata wongoyamba kumene. Manyazi anawasiya kunyumba, paja mbewa ya manyazi inafera ku una. Mpamba woyambira anaupeza atagulitsa njinga yake.

Nditamupatsa moni anatulutsa kakope m'thumba la malaya nkundionetsa. "Ukawauze mayi ako kuti sukulu yawo ija ndinalowa," anatero. M'kakopemo munalibe za makwacha. Tsamba loyamba analemba zigoba ziwiri za usipa, tsamba la sabata imeneyo zigoba zisanu ndi chimodzi. Benchi sanaipezenso, koma akuti ali pa mndandanda wa odikira malo.

Inunso madzulo ano, musanayambe kuwerenga makwacha, yambani mwawerenga mabelo ndi makatoni. Alipo angati poyerekeza ndi mwezi watha?